Tsiku Limene Ndinayimba Aleluya m'Lenti

Ndikakumbukira Lenti ya chaka chimenecho, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi malaya a abambo atayanikidwa m'nyumba, pachingwe chimene amayi anamanga kuchokera pamsomali wa pazenera kukafika pachitseko cha kuchipinda. Panja chingwe chinalipo chabwinobwino, ndipo dzuwa la mwezi wa Malichi likangosuzumira pakati pa mitambo, azimayi onse a mumzere wathu ku Mtiya, m'tauni ya Zomba, ankathamanga ndi mabeseni kukayanika mvula isanabwerenso. Ifenso tinkayanika, koma madiresi anga ndi zitenje za amayi zokha. Chovala chilichonse cha mwamuna chinkauma pang'onopang'ono m'nyumba, chikununkha chinyontho ndi utsi, chifukwa kwa anthu onse a m'dera lathu abambo anga anali ku Lilongwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga yaikulu nyengo imeneyo, kuposa kutunga madzi ndi kutsuka mbale, inali yonena bodza limeneli popanda kuphethira.

Bodzalo silinali lovuta kulikhulupirira. Zaka zimenezo, ulamuliro wa zipani zambiri utangoyamba kumene, maofesi amene anali atatsalira ku Zomba ankasamukira ku likulu, ndipo makomo ambiri anatsala ndi amayi ndi ana, azibambo akumabwera pakutha pa mwezi ndi buledi m'manja. Abambo anga anali kalaliki wa m'boma, ndiye ukanena kuti awatumiza ku Lilongwe, munthu ankangogwedeza mutu n'kudandaula kuti tauni yathu ikutha. Chikhalirecho iwo anali chigonere kuchipinda, kuseri kwa khoma limene silinkafika n'kudenga komwe, akutsokomola. Chifuwacho chinayamba mvula isanagwe. Pa Khirisimasi anayesa kuwerenga Mawu m'tchalitchi monga ankachitira nthawi zonse, koma analekezera pakati, wina n'kudzamalizitsa. Pofika mu Januwale malaya onse ankawakhwepa, lamba anali atamubowola ndi msomali kawiri, ndipo m'mawa uliwonse nsalu zogonera zinkakhala zonyowa ndi thukuta ngati zagwera mumtsinje. Kuntchito anapempha tchuthi, n'kulowa m'nyumba, osatulukanso.

Amene sanaone masiku amenewo angawayese amayi anga munthu wouma mtima, koma ine sindifulumira kuwaweruza. Nthawi imeneyo mwamuna akatsokomola n'kuwonda, anthu sankadikira dokotala. Ankamupima ndi maso pamsewu, matenda ake n'kuwatchula monong'ona, kenaka n'kuyamba kuwerenga akazi amene ankamuganizira nawo. Tinaziona kwa bambo wina wa kuseri kwathu. Mkazi wake ankagulitsa tomato pakhomo, tomatoyo anawolera pabenchi, ndipo ana ake kusukulu ankakhala paokha. Amayi anga ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pamphambano kwa ophunzira ndi antchito a m'boma, ndipo abambo anali munthu woti akamadutsa anthu ankavula zipewa. Onse awiri anagwirizana kuti achirire m'nyumba, adzatuluke atanenepa. Mng'ono wanga, amene pakamwa pake panalibe chitseko, anamutumiza kumudzi kwa azakhali. Ine anandisiya poti ankati ndimasunga pakamwa.

Mankhwala athu anali masamba a bulugama. Loweruka lililonse ndinkakwera phiri ndi atsikana anzanga okatola nkhuni, njira ikuterera, nkhungu ikutsika m'mitengo ya paini mpaka osamuona mnzako amene ali patsogolo, mtsinje wa Mulunguzi ukusokosera kumunsi utadzaza ndi mvula. Anzanga ankasaka bowa ndi kumanga mitolo, ine ndikuthyola masamba n'kumawauza kuti amayi ali ndi chimfine, ndipo ankandiseka kuti chimfine cha kwathu chimalipira lendi. Kunyumba amayi ankawiritsa masambawo n'kuwafunditsa abambo bulangete pamwamba pa mphika kuti apume nthunzi, moti mpaka lero fungo la bulugama limandichititsa nthumanzi. Fulaye ndi phada, zimene kale tinkasewera pabwalo pathu chifukwa panali posalala, ndinazisamutsira kwa anzanga ponena kuti amayi sakufuna phokoso. Tsiku lina ndikuchapa tinsalu timene abambo ankatsokomolera, ndinaona madontho ofiira, ena ouma, ena atsopano. Ndinawaonetsa amayi. Anandilanda kansaluko, n'kukaponya pamoto, n'kunena kuti ndi m'kamwa mwachekeka. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa mumtima kuti abambo akufa, ndiponso kuti bulugama wanga sakuchita kanthu. Pamwamba pa zonsezi ndinali m'kalasi lokonzekera kulandira Ukaristia woyamba, kumene akatekisiti ankatibwerezetsa malamulo khumi Lamulungu lililonse, ndipo akafika pa lamulo la bodza ndinkayang'ana zala zanga zakuphazi.

Chimene amayi sakanatha kuchitsekera kunja chinali mphakati. Parishi yathu inagawidwa m'timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo gulu lathu linkakumana Lachinayi lililonse masana, sabata ino kwa uyu, yamawa kwa uyo, kupemphera kolona, kuwerenga Uthenga Wabwino ndi kumva amene wadwala kapena waferedwa. Mwambo wa mphakati wathu unali wakuti mapemphero amalowa m'nyumba, sachitikira panja, kuti dalitso litsale pansi pa denga la mwini khomo. Ulendo woyamba utatifika amayi anati denga likudontha. Wachiwiri anasinthana ndi banja lina ponena kuti akupita kumaliro, ndipo tinakhala tsiku lonse titadzitsekera, osasonkha ngakhale moto. Wachitatu unagwa pakati pa Lenti, nyengo imene ng'oma za m'tchalitchi zimakhala zitasungidwa ndipo anthu amayenda ndi nkhope za Njira ya Mtanda. A Sapuwa, wapampando wa mphakati, mphunzitsi wopuma wa magalasi okhuthala, anaimitsa amayi pakhomo la tchalitchi n'kunena moseka kuti denga lodontha ndi limene limafuna mapemphero, iwo abwera ndi maambulera. Panalibenso pothawira. Kuwasamutsa abambo sikukanatheka, poti kuyenda kwawo kunali kochokera pabedi kufika pandowa.

Ndiye amayi anaganiza njira yawo. Ine ndinali ndi mawu okweza, oti ndikaitana munthu kwathu ku Mtiya, wa kutali ku Mbedza ankavomera, ndipo mumphakati ndinali nditazolowera kuyambitsa nyimbo akuluakulu n'kumalandira. M'mawa wa Lachinayi limenelo tikukolopa pabalaza, amayi anandigwira padzanja n'kunena motsitsa mawu: "Ukangomva abambo ako ayamba, uyambitse nyimbo. Usadikire munthu, usandiyang'ane, ungoyimba mokweza mpaka asiye." Abambo tinawapatsa madzi otentha a mandimu ndi pilo woti azitsokomoleramo. Nsapato zawo tinazikankhira kunsi kwa bedi, chingwe cha zovala tinamasula, ndipo ndinafukiza makoko a malalanje pambaula kuti fungo la wodwala lichoke. Pemphero langa linali limodzi, loti kugwe mvula yamphamvu, ija imene ikamenya pamalata simumvana ngakhale mutakhala pamkeka umodzi. Mitambo inasonkhana ndithu, yakuda bii, koma inangokhala paphiri n'kumationerera, osatsika.

Anthu anabwera ambiri ndi ana awo, azibambo pamipando imene tinabwereka, azimayi pamikeka miyendo atatambasula, ine pambali pa amayi. Pakati pawo panali mayi Matewere, mayi wamasiye wamfupi amene anakalambira pantchito yokolopa m'mawodi a kuchipatala. Anakhala chotsamira khoma lomwelo la kuchipinda, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga unali m'mwamba. Ofunsa za abambo ndinawayankha ndine, kuti ali bwino, alemba kalata, apereka moni. Kutsokomola koyamba kunabwera tili pakati pa kolona, mwamwayi titangomaliza chigawo chimodzi, pamene nyimbo imakhala ndi malo ake. Ndinayambitsa ya Amayi Maria, anthu analandira bwinobwino, ndipo pamene inkatha kuseri kwa khoma kunali zii. Amayi anapuma, nanenso ndinapuma, mpaka ndinayamba kudzimva wochenjera.

Kutsokomola kwachiwiri kunabwera a Sapuwa ataimirira, buku lili m'manja, ali pakati pa Uthenga Wabwino, pamene ngakhale khanda limatsekedwa pakamwa ndi bere. Ndinamva kaphokoso kotsamwa ka m'pilo, mutu wanga n'kuima. Nyimbo zonse za Lenti zimene ndinkazidziwa, zachisoni zija zoyenda pang'onopang'ono, zinandithawa. Imene inatuluka inali Aleluya, yachisangalalo, ya m'manja, imene timayimba pa Pasaka. Ngakhale mwana wa mumpingo wathu amadziwa kuti kuyambira Lachitatu la Phulusa mawu amenewo amaikidwa padera mpaka Ambuye atauka, wansembe yemwe sawatchula paguwa. Palibe wamkulu amene anandilandira. Ana awiri anawomba m'manja, amayi awo n'kuwatsina. Ndinayimba ndekha, nkhope ikutentha, mpaka kumapeto, ndipo poti kuchipinda kunali kusanakhale bata ndinabwerezanso. Nditasiya, a Sapuwa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, Ambuye sanafe n'komwe, iwe wawaukitsa kale?"

Anthu anaseka chikhakhali, amayi n'kuseka nawo kuseka kouma, akunena kuti mwanayu mutu wake sukuyenda bwino masiku ano. Mayi Matewere okha sanaseke. Anali atapendeketsa mutu, maso ali pampata uja wa pakati pa khoma ndi denga.

Uthenga ukatha, mwambo wathu unali wokhala chete kwa kanthawi, aliyense atawerama, kusinkhasinkha zimene wamva. M'bata limenelo ndi mmene chifuwa chinabwerera kachitatu, ndipo ulendo uno pilo sanathandize. Chinali chija chachitali, chochokera pansi penipeni, chimene chinkawasiya abambo akufunafuna mpweya ngati munthu amene wavuulidwa m'madzi. Chala chakuphazi cha amayi chinandikanikiza pamwendo. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti mawu anandithera chifukwa cha manyazi a Aleluya ija. Si zoona. Nyimbo inalipo pakamwa, yoyenera nyengo yake, ndipo mpweya ndinali nditakoka kale. Koma ndinali nditatopa, ndinali ndi mantha, ndiponso ndinakwiya, kukwiyira amayi, kukwiyira abambo, kukwiyira ngakhale anthu onse aja owerama mwaulemu pamene munthu akutha kuseri kwa misana yawo. Ndinatseka pakamwa dala. Chalacho chinakanikiza mpaka chikhadabo chinalowa, ine chete, ndipo nyumba yonse inamva abambo anga akutsokomola kufikira atamaliza.

Palibe amene anadzutsa mutu. Ndikukhulupirira kuti ambiri akanatha kutseka ndi pemphero n'kutuluka ngati sanamve kanthu, nkhani n'kukaiyambira panjira, poti ulemu wathu nthawi zina umakhala wotero. Koma mayi Matewere anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kumanga bwino chitenje.

"Achemwali," anatero poyang'ana amayi, "chifuwa chimenechi ine ndachikolopera pansi zaka makumi awiri. Ndikuchidziwa ngati mwana wanga. Chili nawo mankhwala chimenechi, koma osati a mumphika ayi."

Kwathu mlendo salowa kuchipinda kwa eni ake, ndipo mayi Matewere ankadziwa zimenezo, choncho anaima pachitseko n'kuwomba m'manja: "Odi kuno, achimwene!" Kenaka mawu amene anthu anali asanawamve chiyambire Khirisimasi anayankha mosasa kuti, "Lowani, mayi."

Zotsatira zake zinachitika mofulumira. Ana tonse anatitulutsa panja, zenera la kuchipinda limene linakhala chitsekere miyezi itatu linatsegulidwa, ndipo a Sapuwa analowa, n'kutuluka atavula magalasi akupukuta m'maso. Sindinganame kuti onse anali angelo. Mabanja awiri anazemba osatsanzika, ndipo mandasi amene amayi anakonzera alendo anatsala ambiri m'mbale, ena atalumidwa kamodzi. Amayi anapempha kuti ngati n'kupita kuchipatala abambo apite mbandakucha anthu asanadzuke, koma mayi Matewere anakanitsitsa. Anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo munthu wotuluka mobisala akabwerako amadzabisalanso. M'mawa mwake dzuwa litakwera, galimoto ya kuparishi inaima pakhomo pathu, ndipo abambo anatulukira khomo lakumaso atakolowekeka pamapewa a amuna awiri, mzere wonse ukuonerera.

Kuchipatala anapima makhololo n'kupeza chifuwa chachikulu. Ngati pansi pake panali matenda enanso, sanandiuze, ndipo sindinafunsepo. Anagonekedwa masabata angapo akubayidwa jakisoni, ifenso tinapimidwa, kenaka anabwerera ndi mapiritsi oti amwe miyezi yambiri osadumphitsa tsiku, pamaso pa munthu wina. Apa ndi pamene ndinaona ntchito yeniyeni ya mphakati. Anagawana masiku monga ankagawanira nyumba zopempherera, ndipo m'mawa uliwonse pankamveka odi, wina n'kukhala pakhonde mpaka abambo atameza ndi kuonetsa lilime. Wina ankabwera ndi mazira awiri, wina ndi ufa wa soya wa phala, wina ndi nkhani zandale zokhazokha, zimene mwina zinkawadzutsa abambo kuposa mazirawo. A Sapuwa anayamba kuyenda nawo, poyamba kufika pampopi, kenaka pamphambano, sabata iliyonse kuonjezera pang'ono pachitunda cholowera kutchalitchi, mpaka Lamulungu lina nyengo yozizira itatha anakalowa n'kukhala pabenchi lawo. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi ziwiri, ndipo ukwati wanga anauona.

Zimene amayi ankaopa zinabwera ndithu. Mandasi anagona m'beseni masiku ambiri, pafulaye anzanga ena anayamba kundisala, ndipo mayina a akazi amene abambo sanawaonepo n'komwe anayenda m'makwalala. Amayi anakhala pafupifupi mwezi osandilankhula kupatula kundituma. Sanandimenye, sananditukwane, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa ndodo. Ndinakula ndikudziwa kuti ndinapulumutsa kholo limodzi pochititsa manyazi linzake, osadziwa ngati ndi zoti ndikalape kapena zoti ndinyadire.

Masiku ano ndimamva anthu akutsutsana ngati kupita kutchalitchi kumathandizadi thanzi la munthu. Ena amati ndi mtendere wa mumtima, ena amati ndi kuyimba ndi kuyenda wapansi Lamulungu, ena amangoseka. Ine zambirizo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti abambo anga anachira ndi mapiritsi, koma mapiritsiwo sakanawapeza kuchipinda kuja pakanapanda anthu amakani amene anali ndi chizolowezi cholowa m'nyumba za anzawo Lachinayi lililonse, mwini wake afune asafune. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, koma sananene kuti nthawi zina wachiwiriyo amabwera iwe utamutsekera chitseko. Kumene ndikukhala tsopano tili ndi mipanda yaitali ndi mageti, mphakati wathu umakumana m'kalasi ya kuparishi kuti tisavutitsane, ndipo sindidziwa mkati mwa nyumba ya aliyense wa anthu amene ndimapatsana nawo moni wa mtendere pa Misa.

Nkhani ya tsiku lija ndinadzaiyamba ndi amayi atakalamba, abambo atatisiya kale, tikusenda nandolo pakhonde. Ndinawapempha kuti andikhululukire chifukwa sindinayimbe. Manja awo anapitiriza ntchito.

"Chala chinkakukanikiza kuti uyimbe," anatero, "koma mumtima ndinkati, Ambuye, mutsekeni pakamwa mwanayu. Chitseko chija ine ndekha sindikanachitsegula. Ndipo mwezi uja ndinkalephera kukuyang'ana, si kuti ndinakwiya ayi. Ndinkachita manyazi kuti katundu wanga ndinasenzetsa mwana."

Atatero anandikankhira lichero kuti ndipitirize kusenda.